Ufa wa ku Raikot

Ludhiana, 3 Okutobala 2005

Mlongo wanga Kulwant,

Sat Sri Akal. Kuno tonse tili bwino. Mayi wathu Bibi mawondo akuwavutabe ndipo maso akunka nachita chidima, koma pakamwa ndiye ali gwa ngati kale. Ndikhulupirira kuti iwe ndi alamu anga a Gurmail muli bwino, pamodzi ndi ng'ombe za abwana anuwo.

Ndalemba kalata chifukwa foni ya kwanuko imangolira popanda woyankha, nonse mumakhala kukhola. Khala pansi umve. Chaka chino fakitale yayenda. Majuzi athu afika mpaka ku Moscow, ndiye ndati nanenso ndikaone dziko lomwe anthu amavaladi zimene ndimalukazi. Mu Januwale tikupita kumapiri a ku Switzerland, ku St. Moritz, kukatsetsereka pa chipale chofewa. A Chadha a fakitale ya masokosi anapita chaka chatha, ndipo mpaka lero sitikupuma nazo zithunzi zawo pa ukwati uliwonse. Iwo anagona m'munsi mwa phiri. Ife tikagona pamwamba, m'hotela yomwe ukasuzumira pazenera umaona nyanja itaundana, anthu akuyendapo ndi mahatchi. Ndalipira kale mphunzitsi wa ine ndi mlamu wako Navneet. Akuti amakumanga matabwa awiri kumapazi n'kukukankha.

Nkhani yaikulu nayi: Bibi akubwera nafe.

Tikatera ku Milan, kufupi ndi kwanuko, ndipo tikagona masiku awiri tisanakwere kumapiri. Navneet akufuna zikwama ndi nsapato. Ndasungitsa zipinda m'hotela yoyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha mumzindamo. Lachisanu madzulo iwe ndi a Gurmail mudzabwere tidzadye pamodzi, udzawaone Bibi. Uwauze alamu adzavale suti, pamalopo salowetsa munthu wa jombo.

Undiyankhe msanga. Kuzizira kwake n'kotani? Ndi sitolo ziti zimene sabera alendo?

Ndine mchimwene wako,
Tarsem Singh


Cremona, 22 Okutobala 2005

Achimwene,

Sat Sri Akal. Mukagwire mapazi a Bibi mwaulemu m'malo mwanga.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaima pakhomo. Nditafika pamene munati Bibi akubwera, ndinangokhala pansi pomwepo pa simenti n'kulira, mpaka mkazi wa abwana anatuluka kudzafunsa amene wamwalira. Zaka khumi ndi chimodzi, achimwene. Poyamba tinalibe mapepala, mapepala atapezeka tinapeza kuti ng'ombe sizidziwa tchuthi. Ndinawasiya tsitsi likadali lakuda. Kenako ndinapukuta misozi n'kuwerenga zotsalazo, ndipo mtima wandipsa mpaka lero.

Hotela? Kuchokera ku Milan kufika pakhomo panga, munthu akakwera sitima atamwa tiyi amafika asanamve njala. Mayi wanga adutse mayiko onsewo n'kukagona kwa anthu osawadziwa, ine ndikawaone patebulo, pakati pa supu ndi nsomba, ngati ndabwera kudzafunsira ntchito? Nyumba yathu ndi ya pafamu, inde. Mphepo ikachokera kukhola imanunkha ndowe, inde. Kodi kumudzi kwathu ku Raikot tinkagona m'maluwa? Ndani uja ankakagona pafupi ndi njati yoweta ya malemu bambo athu Bapu nthawi yozizira, ati n'kofunda? Sanali inu?

A Gurmail amakama ng'ombe m'bandakucha, madzulo amakamanso. Ng'ombe sizidzadikira kuti amalize kudya ndi foloko. Suti ali nayo, musade nkhawa, koma sadzaivala kuti aloledwe kupereka moni kwa apongozi awo.

Chipinda chaching'ono ndachipaka kale penti. Ndagula mabulangeti awiri, ndipo kuseri kwa khola ndadzala mpiru kuti pofika Januwale udzakhale utakula. Inu ndi alamu pitani mukadzithyole miyendo paphiri, ndi yanu. Bibi mudzawasiye kwa ine. Munthu wa mawondo aja akatani pa chipale?

Za kuzizira musandifunse ine. Oluka majuzi ndinu.

Mlongo wanu,
Kulwant Kaur


Ludhiana, 19 Okutobala 2005

Kulwant,

Sat Sri Akal. Yankho lako sindinalilandirebe, kaya positi ya kumeneko imayenda pa ngolo. Viza zatuluka. Ya Bibi awapatsa ya miyezi itatu, ngakhale ife tikufuna masabata awiri okha. Zovala za pachipale tinakagula ku Delhi. Zanga n'zofiira, akuti kuti ndikagwera m'dzenje andipeze msanga. Navneet wagula makhothi atatu aubweya, loyera, lakuda ndi lina lomwe mtundu wake sindiudziwa dzina. Tsiku lina tikakwera helikopita kukadya nkhomaliro pansonga ya phiri. A Chadha sanakwere helikopita.

Chinthu china ndisanaiwale. Usadzivute n'kukonza malo kapena kuphika. Bibi sadzafika kunyumba kwako. Ndiponso usadzabwere ndi mabakuli a chakudya kuhotela, zonse ndalipira ine. Udzangobwera chimanjamanja. Usandifunse zambiri, zili bwino choncho.

Tarsem


Cremona, 8 Novembala 2005

Achimwene,

Moni ndikukupatsani chifukwa Bapu anatiphunzitsa kutero, osati chifukwa mtima ukufuna.

Makalata athu anasemphana panjira, koma yanuyi yandiyankha bwino lomwe. Ati Bibi sadzafika kunyumba kwako. Ati usabwere ndi mabakuli. Ndamva. Mukuopa kuti antchito a m'hotela angaone mlongo wa bwana Tarsem Singh atanyamula mpiru m'bakuli, manja ali ong'aluka ndi madzi ozizira a kukhola. Mawu amenewa ndikudziwa kumene aphikidwa. Tsiku la ukwati wanu alamu anga a Navneet anafunsa ngati ine ndinali wantchito wa pakhomo, ndipo sindinaiwale. Ndalama zakukwerani kumutu nonse awiri. Amati chibale ndi fupa sichiola, koma chathuchi chayamba kununkha.

Ndaimba foni kawiri, akuyankha ndi alamu omwewo. Ati inu muli kufakitale, ati Bibi agona. Dzuwa likuswa mtengo? Bibi amene chibadwire sanagonepo masana?

Imvani tsono. Ngati Bibi saponda pakhomo panga, ine sindiponda pa hotela yanu. Mudzadya nsomba zanuzo moyang'anana ndi mipando iwiri yopanda anthu. Ndipo chifukwa chake mudzawauze nokha, mukuwayang'ana kumaso.

Kulwant


Ludhiana, 25 Novembala 2005

Mlamu Kulwant,

Sat Sri Akal. Achimwene anu andionetsa kalata yanu, kenako akadzitsekera kufakitale, monga amachitira amuna a pakhomo pano nkhani ikavuta. Ndiye ndiyankha ndine, poti mfiti ya m'nkhaniyi ndine.

Za tsiku la ukwati, ndinali mwana, nsalu ili kumaso, sindinkaona ngakhale amene ndikukwatiwa naye. Ndinapepesa nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuti ndizipepesa chaka ndi chaka, mundiuze tsiku lake.

Hotela sindinaifune ndine. Ine ndinati Bibi tikawasiye kwanu, chifukwa, ndinene chilungamo, ndinkafuna masabata awiri opanda munthu wondiuza kuti tiyi ndathira shuga wambiri. Anakana ndi Bibi eni ake. Anati mayi sadya chakudya cha pakhomo pamene anakwatitsa mwana wamkazi, ngakhale madzi samwa, mpaka pakhomopo patabadwa mdzukulu. Ati mwana wamkazi umapereka, sutengako kanthu. Amayi awo anatero, agogo awo anatero. Ngakhale chakudya chanu chitabwera m'bakuli, ati ndi chimodzimodzi. Foni akukana kuyankha ndi iwo, sindine ndikuwabisa, akuopa kuti muwafunsa. Achimwene anu anawanyengerera mpaka kutsala pang'ono kugwada, iwo osasuntha.

Tsono achimwene anu anandiuza kuti, "Ndimulembera bwanji mlongo wanga mawu akuti mdzukulu, ndikudziwa zipatala zimene wayenda? Bola adane ndi ine." Anasankha kuti muziwatcha odzikweza. Ine mtima wanga si woyera choncho. Mwandinena, ndiye ndakuuzani.

Mudziwenso ichi. Ndege yopita ku Switzerland mwachindunji inalipo, ndipo zikwama ndikanatha kugula ku Delhi. Za Milan anayambitsa ndi Bibi. Anafunsa kuti mapiri amenewo ali kutali bwanji ndi kwa Kulwant, ndipo kuyambira tsikulo mawondo anasiya kuwaletsa ulendo.

Mlamu wanu,
Navneet


Cremona, 12 Disembala 2005

Bibi,

Ndagwira mapazi anu. Achimwene, kalata iyi muwawerengere yonse, musadumphe mzere. Alamu, ndinakulakwirani. Mwandibaya, koma mwanena zoona.

Bibi, ndiye ndinu kani. Ine ndimati mwambo umenewo unapsa pamodzi ndi nkhuni za maliro a agogo. Zaka zonsezi ndakhala ndikumeza mawu a anthu. Apongozi anga amaimba foni kuchokera kumudzi kundifunsa ngati pali nkhani yabwino. Azimayi a kukachisi akamapatsirana makanda, pa ine amadumpha. Madokotala a ku Brescia andibaya majakisoni mpaka malo obaya anatha. Zonsezo ndinapirira, ndikumati padziko pano pali munthu mmodzi amene sandiimba mlandu umenewu. Lero ndikumva kuti nanunso mukudikira mdzukulu kuti mumwe madzi a m'kapu yanga.

Nanga akapanda kubwera? Chifukwa sabwera, Bibi. Adokotala anatiuza chaka chatha, sindinakuuzeni. Ndiye kuti mpaka imfa simudzadziwa ngati chapati zanga zimafufuma? Munandiphunzitsa nokha, mukundimenya zala ndi chipande.

Ati mwana wamkazi umapereka, sutengako kanthu. Chabwino, munandipereka. Koma ngakhale munthu wopereka ng'ombe amakaona khola limene ikugona. Inu simudziwa ngati denga langa limadontha, simudziwa zenera limene ndimaima ndikakusowani. Mukufuna kundiona kwa maola awiri, nditavala za ku ukwati, ndikumwetulira pamaso pa operekera zakudya, kuti mukauze anthu ku Ludhiana kuti Kulwant ali bwino. Sindili bwino, Bibi. Ndakwiya, ndipo ndakwiyira inu.

Mpiru wakula. Chipinda chilipo, bedi ndayala. Kuhotela sindibwera. Mukafuna kundiona, kumene ndimakhala achimwene akukudziwa.

Mwana wanu,
Kulwant


St. Moritz, 16 Januwale 2006

Kulwant,

Sat Sri Akal. Ndikukulembera mwendo uli pa pilo. Tsiku loyamba lomwelo matabwa aja anapita kwina, ine kwina. Foni ndikaimba kwanuko akuyankha ndi Bibi, kunena kuti ali bwino, n'kudula.

Zimene unayambitsa uzidziwe. Kalata yako ndinawawerengera yonse monga unalamula. Sanalire. Anangofunsa kuti munthu mmodzi amaloledwa katundu wolemera bwanji pa ndege. M'mawa mwake anatuma dalaivala ku Raikot. Ine ndimati akufuna shawelo yawo yakale.

Pa bwalo la ndege ku Delhi sutikesi yaikulu ya Navneet inalemera ngati muli munthu. Ndinalipira mwakachetechete, ndikumati ndi makhothi aja. Ku Milan titaitsegula, munalibe khothi ngakhale limodzi. Muli thumba la ufa wa tirigu wa kumunda kwa Bapu, mphodza, masamba a tiyi, mchere, chiwaya cha Bibi chakuda chija, ndi kapu ya chitsulo. Navneet anakuwa mpaka wantchito wa m'hotela anagogoda. Bibi anangoti, "Amuna ako amaluka majuzi, vala juzi." Chipinda chawo choyang'ana tchalitchi, chimene ndinasungitsa kalekale, sanachione n'komwe mkati mwake. Anakokera sutikesi m'chipinda cholandirira alendo n'kuikhalira, pakati pa azungu, ati sadzuka mpaka galimoto ya ku Cremona ibwere. Ine, munthu wa fakitale, kuima pamenepo ndikunong'ona kuti Bibi, anthu akutiyang'ana. Anati awayang'ane, sanawabere.

Zina unaziona wekha. Galimoto itafika pakhomo pako unatuluka ukuthamanga opanda nsapato pa chisanu chija, ndipo ine sunandione n'komwe, chonsecho ndinali nditavala zofiira.

Kuno mpando wa Bibi wa m'helikopita wapita pachabe, wanganso wapita pachabe chifukwa cha mwendowu. Navneet wagula khothi lina pa mtengo womwe sindingaulembe, ndipo sakundilankhula. Chakudya cha kuno ndi tchizi chosungunula mumphika, m'mawa ndi madzulo fungo lomwelo, mwinanso ndi cha mkaka wa a Gurmail. A Chadha asadzamve zimenezi.

Ndege yobwerera inyamuka ku Milan pa 24. Udzawabweretse Bibi ku bwalo m'mawa, usadzachedwe. Undiuzenso akudya chiyani ndipo akumwa chiyani, chifukwa ndikuwadziwa, angathe kuuma ndi ludzu pakati pa mipopi.

Mchimwene wako,
Tarsem


Cremona, 5 Febuluwale 2006

Achimwene,

Sat Sri Akal. Mwendo uli bwanji? Munafika bwino? Za ndege musandikalipire, sindinawabise ndine. A Gurmail anapempha galimoto ya abwana, ine ndinalongeza zovala. Bibi anapisa dzanja m'thumba lawo lija n'kunena kuti ufa udakalipo, ndipo munthu sasiya ufa wa Bapu kudziko la eni. Ati adzapita ukadzatha.

Mmene tikukhalira inu mungaseke, ine zikundipsetsa mtima. Amaphika okha pa chiwaya chawo, amatidyetsa tonse, koma changa salawa. Madzi a m'khitchini akana. Amatenga kapu yawo n'kupita ku mpopi wa kukhola, pa chisanu, ndi mawondo aja, ati amenewo ndi madzi a mzungu, si a mkamwini. A Gurmail anawauza mwaulemu kuti nyumba yonseyi ndi ya mzunguyo, ife ndife antchito chabe. Anayankhidwa kuti mkamwini asalowerere nkhani zomuposa msinkhu. Mpiru wanga anaukana sabata yathunthu, kenako anatulukira kuti unamera m'dothi la mzungu. Tsopano akuudya, bola athyole okha. Timakangana pafupifupi tsiku lililonse. Koma mako ndi mako. Madzulo amandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo, kundipaka mafuta m'mutu n'kundipesa ngati kamwana, ndipo mawu akuti mdzukulu sanawatchulepo ngakhale kamodzi.

Tsono ndikuuzeni chinthu, chikhale pakati pa ife awiri. Thumba lija linayamba kuphwa. Ndinakagula ufa kusitolo ya anthu akwathu ku Brescia. Akalowa m'bafa ndimathiramo pang'ono n'kusakaniza bwinobwino. Ndi maso awo aja sangaone. Ndikudziwa kuti kunamiza mayi ndi tchimo, koma ndilisenza ndekha. Akadzadziwa kuti akhala akudya ufa wanga, adzanyamuka tsiku lomwelo ndipo sadzandikhululukira. Musawauze, chonde. Alamu ndiye musawauze n'komwe.

Mlongo wanu,
Kulwant


Cremona, 19 Febuluwale 2006

Tarsem mwana wanga,

Akundilembera ndi mkamwini Gurmail, ndipo ndamulumbiritsa kuti akamaliza aiwale. Mulungu akusunge, iwe ndi mwendo wako wopusawo. Munthu wa mimba ngati yako ankafunanji pamwamba pa phiri? Umuuze Navneet kuti makhothi ake ali pansi pa bedi langa ku Ludhiana, sindinagulitse.

Tikiti yanga uisinthe. Undiikire tsiku lomaliza la viza, osati msanga.

Mlongo wako akuganiza kuti ndine chitsiru. Maso anatha, inde, koma manja awa anayamba kukanda ufa mano aubwana asanaguluke. Ufa wa ku Raikot umamwa madzi pang'onopang'ono ndipo umanunkhira mphero. Uwu wa m'sitolo umamata kuzala. Tsiku loyamba limene anathira ndinadziwa ndisanathire n'komwe madzi. Ndinaima pamenepo dzanja lili m'thumba, ndikumumva kumbuyo kwanga akunamizira kutsuka mbale imodzi yomweyo, mpweya ataugwira. Ndinakumbuka amayi anga. Anabwera kudzandiona nditangokwatiwa, mwezi wa dzuwa. Anakhala pansi pa mtengo kunja kwa mpanda tsiku lonse, milomo itauma, ine nditaima ndi kapu ya madzi, n'kubwerera osamwa. Anthu anati ameneyo ndiye mayi waulemu wake. Ine ndinalira sabata yonse, ndipo zimenezo ndinali nditaiwala mpaka tsikulo. Ndinakanda ufawo, ndinaphika, ndinadya chapati ziwiri.

Panopa m'thumbamo wa ku Raikot mulibe ngakhale fumbi lake. Ndikudya za mwana wanga, ndipo denga silinandigwere. Amayi ndi agogo akakandifunsa kumene ndikupitako, ndikayankha ndekha, iwe sizikukukhudza.

Usamuuze kuti ndikudziwa. Akamandinamiza amasangalala, amang'ung'udza nyimbo posakaniza. Ndimamumva ndili m'bafa, ndipo ndimachedwa dala kutuluka. Mawa ndikufuna kunena kuti mawondo akana kupita ku mpopi wa kukhola, tione kuti andipatsa madzi a kuti.

Mayi ako,
Nasib Kaur